Buku Lomwe Silinabadwe

Lolemba m'mawa, nkhungu isanachoke padoko la Valparaíso,
Amaro Quilodrán anafika patebulo langa mu laibulale
ali wefuwefu, poti masitepe a phiri lino sakhululukira munthu,
m'manja muli kapepala: dzina la buku,
mlembi wake, chaka chake, ngakhale tsamba lenileni, 214.

Ndinafufuza m'kaundula. Mulibe.
Tinatsikira kuchipinda chapansi kuja
komwe mashelefu anamangidwa ndi zingwe chichitikireni chivomerezi,
fumbi n'kutiyetsemulitsa tonse awiri.
Ndinaimbira mnzanga ku Santiago. Anangoseka:
"Eliana, sabata ino yokha ameneyo ndi wachitatu."

Bukulo silinatayike, mwana wanga.
Silinabadwe n'komwe.

Anandionetsa foni. Mawu ake anali osalala,
oyalidwa bwino ngati bedi la mu hotela,
opanda chibwibwi, opanda "kaya".
Makinawo anaphunzira kamvekedwe ka choonadi
monga mwana atengera kayendedwe ka bambo ake
asanadziwe komwe bambowo amapita.

"Ndiye ndiwasiye?" anafunsa.

Ndikanati inde, ndikananama.
Dzulo lake lomwelo ine ndinali nditawapempha
andifewetsere kalata yopita kwa mwininyumba
amene akukana kukonza denga,
poti mawu anga oyamba anali minga yokhayokha.
Koma dengalo ndimalidziwa ndine.
Ndine ndimadzuka usiku kukasuntha beseni.

Ndinati: khala apa. Afunse chinthu chimene ukuchidziwa kale.
Anafunsa za asodzi a ku Caleta Portales
komwe amalume ake amatulutsa boti kusanache.
Ndime ziwiri zinayenda bwino.
Yachitatu inaika nsomba m'nyengo yosakhala yake.
Amaro anadzambatuka: "Ayi! Mwezi umenewo saloleza kugwira!"
Owerenga onse anacheuka.
Kwa nthawi yoyamba pantchito yanga sindinaletse phokoso.

Ayi ameneyo, ndinamuuza,
ndiye mpeni umene wabwera kudzanola kuno zaka zisanu.

Lachitatu anabwera ndi Maite Huenchullán,
wophunzira unamwino, wolankhula motsitsa,
amene anatsala pang'ono kukhuthulira m'makinamo
zolemba za odwala ake, mayina, zaka, matenda,
kuti amufupikitsire usiku.
Ndinamufunsa ngati mayi wa pabedi lachisanu ndi chiwiri anavomera.
Anakhala duu.
Anayamba kufufuta dzina ndi dzina,
kenako analeka, n'kuika foni m'thumba
osatumiza kanthu.

Ine si katswiri wa makompyuta.
Zaka makumi atatu ndakhala ndikudinda masiku obwezera mabuku,
ndipo zam'mimba mwa makinawa zambiri sindizimvetsa.
Chimene ndikudziwa n'chakale, chatha m'mbali ngati chidindo changa:
mawu aliwonse ali ndi kwawo, uzifunsa njira yake.
Akakunyamulitsa katundu, uzinena.
Dzina lako pamwamba pa pepala ndi khosi lako,
makina sadzakuimirira tsiku la mlandu.

Mwezi watha Amaro anabwera ndi pepala lake lomaliza,
lopyapyala kuposa loyamba lija.
Mabuku asanu ndi limodzi basi,
onse oti manja angawa anawagwirapo,
ndi mawu a amalume ake, olembedwa atapempha kaye.
Kumapeto anaikako mizere iwiri:
makina anandithandiza kusanja mitu ndi kutola zilembo zosokera,
zotsalazo, ndi zolakwa zomwe, n'zanga.

Kapepala kaja sindinakataye.
Kali pansi pa galasi la tebulo langa,
pambali pa lisiti la okonza denga.
Ophunzira atsopano akafunsa kuti n'chiyani,
sindilongosola.
Ndimawapatsa kiyi wa chipinda chapansi,
ndi kansalu kotseka pamphuno:
tsamba 214, pitani mukalipeze.