Pansi pa Joni

Joni alibe nyanja.
Ali ndi zulu zachikasu za mchenga wa m'migodi,
mateksi oliza hutala kusanache,
ndi maenje amene anthu anakumba n'kuwaiwala,
mvula n'kuwadzaza.
Limodzi mwa maenjewo limakhala langa Loweruka.

Sabata yonse ndimapopera mpweya m'masilinda a eni ake
pa shopu ina ku Randburg.
Zaka zinayi ndinagulitsa mpweya osaulawa,
ngati wophika pa ukwati wobwerera kwawo ndi njala,
mpaka tsiku lina Refilwe anati: Lingisoni, vala, tiye.
Ine, mwana wa kumapiri a ku Ntcheu,
amene madzi akuya ndinkawadziwira m'beseni.

Choyamba ndi kulemera.
Silinda kumsana ngati thumba la feteleza,
lamba wa mtovu m'chiuno,
mapazi a bakha, kuyenda chafutambuyo,
kamwana kena kakundiseka pamwala.
Kenaka chubwi!
Katundu yense uja madzi andilandira.

Tsina mphuno, meza mate,
khutu liti phwa.
Tsika ndi chingwe, usathamange, palibe akukupirikitsa.
Dzuwa limatsala m'mwamba, likugwedezeka
ngati ndalama yoponyedwa m'chitsime.
Phokoso lonse la mzinda zii.
Ndimangomva kupuma kwanga,
ndipo ndimadabwa: kodi masiku onsewa
ndakhala ndikupuma chonchi osadzimva?

Pansi pali minibasi imene anaimiza dala.
Ilibe kondakitala, ilibe matayala,
ndere zamera pamipando,
tinsomba tikukwera ulere, kulowera windo ili, kutulukira ilo.
Nkhanu yakhala pa giya ngati mwini galimoto.
Ndinaseka, madzi n'kulowa m'magalasi.

Kuno Chizulu, Chisutu, Chibunu, Chichewa
zonse zimasanduka thovu lofanana.
Chala chachikulu chikapsompsona chamkombaphala,
ndiye kuti zili bwino, m'bale.
Palibe wofunsa pasipoti.
Palibe wondimva lilime n'kudziwa kuti ndine wobwera.
Ndikakoka mpweya ndikwera pang'ono,
ndikautulutsa nditsika,
mphamba wopanda mapiko pamwamba pa matope.

Agogo anga nawonso anatsikapo pansi pa mzinda uno,
nthawi ya Wenela, m'chikepe, nyali pachipumi.
Anabwerera kumudzi ndi sutikesi, njinga,
ndi chifuwa chimene sichinawasiye.
Iwo ankatsika kuti ana adye.
Ine ndimatsika chifukwa ndikufuna,
nthawi zina n'kulipira kumene!
Akanamva akanaseka mpaka kutsokomola.
Komabe ndikasisita khoma la mwala wozizira
pamene panatsala zipsera za chitsulo cha munthu wina,
ndimawauza chamumtima: agogo, taonani,
kunsi kuno kulinso kosewera.

Muvi wa geji sunama, sulandira ziphuphu.
Refilwe aloza kumwamba.
Tiima kaye panjira, mphindi zitatu,
titapachikika ngati zovala pachingwe,
thovu lathu likutitsogolera kukanena kuti tikubwera.

Mutu vuu!
Mphepo ya Juni yandimenya mbama,
silinda yakumbukira kulemera kwake,
mano akuomba okha ng'oma.
M'chikwama foni yaphonya kasanu:
kumudzi, lendi, kumudzi, kumudzi, abwana.
Ndiwayankha, asadandaule.
Ndiyambe ndamwa tiyi wa m'fulasiki.

Kadontho kamodzi kamakanirira m'khutu lamanzere.
Sindikatulutsa.
Lolemba, teksi ikagwa m'kadzenje pa Malibongwe,
kamati kwachakwacha,
ine n'kumwetulira ndekha pakati pa anthu.