Maso a Zuze

Ovolosi yake ndimachapira m'beseni lakelake,
kuseri kwa nyumba, patali ndi zovala za ana.
Lamulo limeneli anaika yekha
tsiku lomwe anamulemba ntchito
ku maiwe a zonyansa kuno ku Nchalo.

Anthu akagona, madzi awo sagona.
Amatsika m'mapaipi usiku wonse,
a mabwana, a odula nzimbe,
a odwala ndi a alendo ongodutsa,
onse kukakumana pamaso pa mwamuna wanga,
iye ali chiimire ndi foloko yaitali
kuvuula nsanza, matewera,
ndi zina zomwe satchula tikamadya.

Dzuwa la Okutobala kuno kuchigwa
silidziwa malamulo a ku ofesi.
Jombo zimawira,
magolovesi amadzaza thukuta mpaka m'zala,
chophimba kukamwa chimamata ngati ulimbo.
Akuti anangovula kamphindi kuti apume,
paipi n'kutsokomola.
Kadontho kamodzi pamlomo.
Anapukuta ndi mkono,
naseka ndi Bitoni mnzake.

Mwezi usanathe, anakana makakana owamba,
munthu woti amatafuna ndi minga yomwe.
Mkodzo unada ngati tiyi wogonera.
Maso aja anandiimitsa pa msika wa Dyeratu
ine nditasenza dengu la masawu
anapsa chikasu ngati mango a Disembala.

Kuchipatala anati ndi kachilombo ka m'chiwindi,
kosaoneka ngakhale utaunika ndi tochi.
Anafunsa za katemera.
Zuze anayang'ana zala za kumapazi.
Analonjezedwa chaka chija madzi anasefukira,
maiwe atalumikizana ndi msewu.
Dzina analembetsa, chala anadinda,
pepalalo likadali m'dilowa ya kapitawo.

Lero wadzuka yekha,
wamwa phala theka la kapu,
ndipo funso lake loyamba
n'lakuti Bitoni wapeza womuthandiza kodi,
poti sefa ikatsekeka tsiku limodzi lokha
ndi pamene tauni imakumbukira kuti iwo aliko.

Sindinamuyankhe.
Ndinatuluka kukaanula ovolosi pachingwe,
phulusa la nzimbe zootchedwa litagwerapo kale.
Ndinaikung'untha, ndinaipinda,
ndinasamba m'manja kawiri, sopo mpaka m'zigongono.

Kenako ndinaitana Nyakwawa, chitsiriza wathu,
ndinamuimika pakhomo pomwe pali kuwala,
ndinakoka chikope chake ndi chala,
ndinayang'ana nthawi yaitali.

Anaphethira, nati,
bwerani nanunso ndikuoneni, amayi.