Kuwerenga Masiku ku Kawale

Ntchito yanga ndi kuwerenga ndalama za eni
m'kakhumbi ka mayunitsi pa siteji ya Kawale.
Chala chonyowa ndi malovu,
sindinasochezepo ngakhale fifite kwacha.
Koma mwezi uno masiku andisokonekera m'manja.

Linali Loweruka. Magetsi anathima cha m'ma eyiti,
mvula ikumenya malata ngati tili nayo ngongole.
Lonjezo anapisa m'thumba la jekete,
napisanso linalo,
kenaka kuseka: "Atha. Kamodzi kokha sikapha munthu."
Okala ya a Chikakwiya ili pomwepa,
koma panja panali matope
ndipo ine ndinali nditavula kale nsapato.
Sindinganame kuti anandikakamiza.
Nanenso ndinaseka.

Lamulungu ndinaimba kwaya, mawu osanjenjemera.
Lolemba ndinati ndipita ndikaweruka,
kasitomala n'kundigwira mpaka mdima
ndi ndalama yake yopita pa nambala yolakwika.
Lachiwiri Mwandida, wamandasi wa pambali panga,
anandiyang'ana ngati pamphumi palembedwa meseji.
"Iwe, mankhwala aja sadikira malipiro.
Ukamazengereza, nawonso amanka nafooka.
Siya kiyi pano, thamanga."

Chipatala cha kwathu kuno ayi,
amene amasesa pakhonde ndi mnzawo wa amayi ku Mvano.
Ndinakwera kabaza kulowera ku Bwaila,
njinga ikuzemba maenje, ine ndikuzemba maso a anthu,
ngati mzinda wonse unali m'chipinda muja.

Nesi sanakweze nsidze.
"Linali liti?"
Ndinapinda zala zitatu.
"Wapeza chitseko chikutsekedwa, koma walowa.
Imwa pompano, madzi awo.
Komatu mimba si mlendo yekhayo amene amadzera khomo limenelo.
Bwera nacho chala, tiyeze magazi."
Ndinatuluka ndi kathonje pachala, botolo la mapiritsi m'chikwama
ndi tsiku lobwereranso lolembedwa m'buku.

Tsopano kwatsala kudikira,
ntchito yopanda komishoni.

Kuseri kwa chitseko kuli kalendala ya ogulitsa feteleza.
Ndaiboola ndi bolopeni.
Mwezi watha ndinayamba pa naini, kapena pa leveni?
Ine wosunga risiti iliyonse ya anthu osawadziwa,
thupi langa sindinalilembere buku.
Mafuta a chipisi akanunkha ndimadzifunsa,
kodi ndi nseru imeneyi, kapena mantha chabe?
Kuchimbudzi ndapitako kasanu chifikire masana,
kukasuzumira ngati munthu woyembekeza basi ya ku Mchinji.

Renti ndi pa feesiti.
Fizi ya Tiyese, mng'ono wanga, ili pamutu panga.
Kosi ya zowerengera ndalama ija ndalipira theka.
Ndikaphatikiza zonse n'kuwonjezapo matewera,
kakyuleta imangondiyang'ana.

Lonjezo anatumiza mawu awiri: "Zili bwanji?"
Nditayankha zoona, foni yake inayamba kutha moto.
Dzulo ndinamuona pa depoti atanyamula matayala,
akuseka ndi anzake, mano onse pamtunda.
Usiku unali wa awiri,
koma kalendala yapachikidwa kwa mmodzi.

Sindikumutemberera.
Ndangogula paketi yangayanga,
ndaiika m'chikwama cha ndalama, pansi pa ma handiredi,
poti chimene ndimasunga ndekha sichisowa.

Ndagulanso kakamtengo koyezera ku famase ya ku Malangalanga,
kokulungidwa m'nyuzipepala ngati usipa.
Akuti mkodzo wa m'mawa ndiwo sunama.
Ndiye ndagona chagada, kali pansi pa pilo,
agalu a ku Biwi akuyankhana ndi a kwathu,
minibasi yoyamba sinayambe kuitanira.
Mzere umodzi, kapena iwiri.
Chiyambire ntchito yowerengayi
sindinaopepo nambala yaing'ono chonchi.