Pa Sikelo ya Mumsewu wa Kaguvi

Ndinachikulunga m'malaya awo oyera aja,
a batani lachitatu losiyana ndi anzake,
n'kukwera kombi pa Dzivarasekwa
chili pamiyendo ngati mwana wopita naye kuchipatala.

Mumsewu wa Kaguvi, pakati pa ogulitsa mabawuti ndi matayala,
muli kachipinda ka mkulu wogula zakale.
Sanafunse kuti n'cha yani.
Anachizondotsa, kagalasi padiso,
n'kunena m'Chishona chake chothamanga:
"Mwauona mkangowu, mayi? Waung'ono ngati nsabwe.
Ndiwo mboni. Siliva weniweni."

Mkangowo ndinaudziwa ndisanayambe sukulu.
Bambo ankati wakweza dzanja limodzi
chifukwa ukupempha chilolezo cholankhula.

Ankati mmisiri wake sanathire m'chikombole ayi.
Anatenga chitsulo chophwathalala ngati chitumbuwa
n'kuyamba kugogoda, mozungulira, mozungulira,
chikauma mutu n'kuchibwezera pamoto,
chikafewa n'kuyambiranso,
mpaka chinavomera kukhala ndi mimba, ndi khosi, ndi mlomo.
Pisa chala m'katimo, ankatero, umve.
Kunja anasalaza kuti asadziwike kuti anatuluka thukuta,
koma m'kati nyundo inasiya mapazi.

Zaka makumi atatu ndi zinayi ku Highlands.
Lachinayi lililonse nyuzipepala yoyala patebulo la kukhichini,
nsanza ziwiri, ina yopakira, ina yowalitsira.
Chinkatuluka m'kabati mwana akabatizidwa
kapena hatchi ya bwana ikapambana ku Borrowdale,
n'kumayenda dzanja ndi dzanja,
aliyense kusiyapo mlomo wake,
bambo ali chilili kukhoma, manja kumbuyo,
akuwerenga milomo yoti adzafute m'mawa.
Chomwera chawo chinali chitini cha jamu
pamsomali, kuseri kwa chitseko.

Dona atamanga katundu wa ku Perth anati,
Dafuleni, ichi n'choposa penshoni.
Bambo anawomba m'manja.
Nkhani ya penshoni inathera pomwepo.

Kwathu sanamwerepo ngakhale tsiku limodzi.
Chaka chija ndalama inkafa usanafike nayo pamsika
mayi anati, tigulitse, ana adye.
Bambo sanayankhe. Anakatenga nsanza.
Linali Lachinayi.

Tsopano sikelo yati magalamu mazana asanu ndi limodzi, kuphatikiza khumi ndi awiri.
"Ndigula pa kulemera," akutero mkuluyo.
"Dzina la banja likanakhala lowerengeka
azungu a ku Avondale akanalimbirana.
Koma wina anachipukuta mopitiriza muyeso. Onani.
Apa n'chongosungunula."

Ndinaona.
Pamene panali chishango ndi zilembo zopiringizika
patsala kadzenje kosalala, kosaya,
kakukula kwa chala chachikulu.
Ndinaikapo changa. Chinakhala bwinobwino.

Ndiye kuti amisiri anali awiri.
Woyamba anamaliza m'masabata angapo, n'kudinda mkango.
Wachiwiri, mtchona wa ku Dedza,
analibe nyundo, analibe moto, analibe chidindo,
ankangofuta dzina la eni pang'onopang'ono
iye mwini osadziwa.
Kapena akudziwa. Bambo sankaulula zonse.

Nanga siliva wosowayo ali kuti?
Wina anapita ndi nsanza kudzala.
Wina ali m'zikhadabo zawo
kumanda a ku Mbudzi, mzere wa kufupi ndi mpanda,
kumene sikelo siifika.

Lenti ya mwezi uno sinalipidwe.
Mkuluyo anawonjezera madola khumi ndili pakhomo.
Ndinachikulunganso.

Madzulo, pamzere wa pamjigo,
zigubu zachikasu zili ndondondo,
ndinachitchera pampopi anthu akuyang'ana.
Madzi anaziziritsa mano,
akumveka pang'ono mankhwala opukutira.
Kamwana ka a Nasimango kanati, inenso,
n'kugwira ndi manja onse awiri, mamina ali pamlomo,
kutayira theka pachifuwa.

Chili pawindo tsopano, ndi milomo iwiri.
Mawa ndi Lachinayi.
Nsanza ndikudziwa pamene zili.