Ulendo Wachisanu ndi Chiwiri

Anyaluhanga analitembenuza kawiri khadi langa,
kulipukuta pa juzi ngati vuto ndi fumbi,
kenaka anandilozetsa kompyuta
kuti ndidziwonere ndekha ziro wofiira.
"Maulendo anu atha, bambo Chavula.
Sikisi pa chaka. Wa Lachiwiri lija unali womaliza."

Kunja nkhungu ya Juni inali isanachoke pa Katoto.
Ndinaima chopendekeka
ngati mzati wa magetsi wogundidwa ndi minibasi,
dzanja ili pa kauntala, ili m'chiuno.

Sikisi.
Anawerenga ndani?
Wina wake mu ofesi yakutali, pa mpando wozungulira,
anayang'ana kudenga nagamula
kuti msana wa dalaivala umapola kasanu n'kamodzi.
Sanatsikepo ku Chikangawa ndi lole yodzaza matabwa aawisi.
Sadziwa maenje a pa Lusangazi,
momwe amalowera m'matako
n'kukatulukira m'khosi,
zaka khumi ndi zinayi tsopano.

Mwezi ndi mwezi amadula pa malipiro anga
ndisanawaone n'komwe.
Kabuku kawo ndili nako, kali pansi pa mpando wa lole,
zilembo ngati nyerere zofera mu shuga.
Mwana wanga Sangwani ndiye anandiwerengera:
kuwongola msana ndi "chithandizo chowonjezera."
Chowonjezera!
Ngati banyira wa mayi wa tomato.

Koma a Mzumara akandigoneka chafufumimba
pa tebulo lawo loboola pankhope,
zala zawo zimayenda mfundo ndi mfundo
ngati makaniko womvetsera injini.
"Kokani mpweya. Tulutsani."
Go!
Mwendo wamanzere, uja umakhala ngati wobwereka,
umabwerera kwa mwini wake.
Masiku anayi, mwina asanu,
ndimamanga ndekha zingwe za nsapato.

Ndinafunsa: nanga khadili latsala ndi mphamvu yanji?
Anyaluhanga anatsitsa chala pa mndandanda.
Mapiritsi opha ululu, alipo.
Kujambula mafupa, kawiri.
Zikafika poipa, opaleshoni ku Lilongwe,
bedi ndi chakudya, zonse alipira.
Ndiye kuti mpeni amaulipira, ndinatero,
manja ayi?
Sanaseke. Anati, "Ine ndimangolemba, adada."

Ndikafuna lero, ndi sate faifi sauzande ya m'thumba.
Ndinaiona ndalamayo ili kale ndi eni ake:
alandilodi a ku Chiputula,
mayeso a Sangwani,
makala, poti kuzizira kwa kuno sikumva za ngongole.

A Mzumara anasuzumira pakhomo, manja akupukuta.
Anang'amba pepala najambulapo timunthu ta timitengo,
kena kogwada, kena kokumbatira mawondo.
"Izi n'zaulere. M'mawa ndi madzulo, pa simenti.
Khadi likadzuka mu Januwale, mudzabwere."
Ndinawerenga pa zala miyezi yotsala.
Nayonso inakwana sikisi.

Pobwerera ndinakwera kabaza.
Ndinamuuza mnyamatayo kuti azipewa miyala,
ndanyamula mazira m'chiuno.
Pa chitunda anaimirira pa mapedulo,
ndipo msana wake unali pamphuno panga,
wopindika ngati chigwiriro cha ambulera,
mfundo zonse kuonekera pa malaya onyowa thukuta.
Ndinayamba kuziwerenga
monga achitira a Mzumara.

"Sukupweteka umenewu?" ndinafunsa.
Anaseka osacheuka.
"Umapweteka, bwana. Nanga ndikauze ndani?"

Ndinatsika tisanafike pamwamba.
Ndinamulipira yonse,
n'kutsiriza chitundacho wapansi, pang'onopang'ono,
khadi m'thumba la kumanja, pepala la timunthu kumanzere,
mwendo wobwereka uja
ukubwera pambuyo.