Denga Lopendekera

Nyumba iyi ndinamanga ndekha, kuno ku Bembeke.
Njerwa ndinaumba ndi chikombole chobwereka,
levulo yanga inali botolo la madzi
ndi diso lakumanzere, lomwe silinama kawirikawiri.
Linadzanama tsiku lokhoma malata.
Denga linapendekera kuvuma ngati chipewa cha chidakwa,
ndipo a Kamtedza, podutsa ndi thumba la kachewere panjinga,
anatsika dala kuti aseke bwino.

Mvula itagwa, madzi onse anathamangira ngodya imodzi,
nakumba patsinde pa khoma ngati mfuko.
Ine ndinagwira m'chiuno, kuwerenga zolakwa zanga.
Nazimbiri sanayankhule.
Anatenga ndowa, beseni, poto wothyoka chogwirira,
ngakhale chigubu cha mafuta ophikira,
natchera pomwepo.
Zinadzaza asanamalize kumanga duku.
"Taonani," anatero, "mjigo wabwera wokha pakhomo,
wopanda mzere, wopanda ndalama ya komiti."

Thanki inayamba choncho.
Mbuzi ziwiri zinapita ku Lizulu osabwerera,
m'malo mwake kunabwera matumba anayi a simenti.
Mchenga wa kudambo pawilibala yolira,
ngalande ya m'mphepete mwa denga
ndinaipinda pampini wa khasu, ndi zidutswa za malata;
chala ichi chikukumbukirabe.
Pakamwa pa thanki, neti yakale ya udzudzu
kuti masamba a mkungudza atsale kunja.

Chaka choyamba inadontha.
Inadzaza Lachiwiri; pofika Loweruka
ndinapezamo chule yekha,
akundiyang'ana ngati mwininyumba wodzatenga lendi.
Ndinalowamo ndi simenti yotsala,
kufufuza ming'alu ndi zala mumdima.
Velina, mwana wanga, anandiitana ali pamwamba
ndipo thanki inamuyankha kawiri ine ndisanatsegule pakamwa.

Tsopano tikudziwa mwambo wake.
Mvula yoyamba sitisunga, ndi yosambitsa denga:
fumbi la chilimwe, zitosi za nkhunda, phulusa la lupsa.
Imeneyo timaperekeza kunthochi.
Yachiwiri ndiyo yathu.
Ndimagona ndikumvetsera thanki ikusintha mawu,
poyamba kulira kwa ng'oma yopanda kanthu,
pakati pa usiku kung'ung'udza,
mbandakucha chete,
chete wa chinthu chokhuta.

Kuseri kwa chitseko kuli nsungwi yolembedwa ndi mpeni,
mzere uliwonse ndi sabata.
Nazimbiri amaiviika Lamulungu tikachoka kutchalitchi
naiwerenga ngati buku la banki m'khonde.
Mu Juni nkhungu ikatsika m'phiri
malata amadontha pang'ono, mwamanyazi;
iye amati chimenecho ndi chiwongoladzanja.
Pano dontho siligwira ntchito imodzi ayi:
otsukira mbale amapita kumpiru,
osamba amapita kumapichesi,
ochapira okha ndiwo timakanganirana.

Bwerani mu Okutobala mudzaone,
phiri lonse litapsa, ng'ombe zikunyambita matope,
kuseri kwathu mizere isanu ya anyezi,
nsawawa zikukwera mpanda wa bango,
kabichi atakhala pansi ngati alendo osafuna kutsanzika.

Koma ndisakunamizeni.
Chaka chatha nsungwi inatuluka youma
mvula ikadali kutali masabata atatu.
Tomato anafota tikumuona,
Velina anabwerera pamzere wa mjigo ndi nkhata yake.
Thanki si mtsinje.
Ndi dzanja lopinda chabe, limagwira zomwe lapatsidwa.

Dzulo a Kamtedza anatsikanso panjinga.
Sanaseke.
Anazungulira thanki, kuigogoda ndi chala,
kuika khutu, kuyeza ndi mapazi,
kenako, maso ali kumwamba:
"Denga lija, achimwene, munalipendeketsa bwanji?"

Ndinakhala kaye chete, monga amachitira amisiri.
"Pamafunika luso," ndinatero.

Kumunda kuja, pakati pa anyezi,
Nazimbiri anatsokomola
napitiriza kuthirira.