Mpaka Lachiwiri

Kompyuta inafunsa, sindingainamizire.
Inati: fayilo ya dzinali ilipo kale,
ndiike iyi m'malo mwake?
Foni ndinali nditaipana ndi phewa,
ketulo ikulira kukhitchini,
ndipo chala chinayankha khutu lisanamve.
Inde.

Masamba zana limodzi ndi makumi anayi
a moyo wa bambo anga, a Zdzisław,
amene anawotcherera zitsulo zaka makumi atatu
kokhomera sitima muno mu Gdańsk,
anasanduka mizere isanu ndi umodzi:
kalata yodandaulira eni nyumba
za paipi yodontha m'bafa.
Pamwamba dzina lomwe lija, Tata,
koma kutsegula, madzi okhaokha.

Ndinadina batani lobwerera m'mbuyo
kakhumi, mwinanso kuposa,
ngati wogogoda pakhomo
pomwe akudziwa kuti eni ake anasamuka.
Chipale chofewa chinagwa usiku wonse.
Pawindo makereni akudoko anangoti njo,
makosi m'mwamba, opanda nane ntchito.

Kutacha ndinakwera tiramu,
laputopu pachifuwa ngati mwana wotentha thupi.
Kashopu ka Remigiusz kali ku Wrzeszcz, kuseri kwa siteshoni,
pakati pa wodula makiyi ndi mayi wamaluwa.
Mkatimo mumanunkha waya wopsa,
fungo la ovolosi ya bambo Lachisanu madzulo.

Mwasungamonso china chichitikireni izi?
Ayi.
Mwachita bwino, anatero osandiyang'ana.
Mukafufuta, disiki imangozula chikwangwani pachitseko,
katundu amakhala ali momwemo.
Koma inu mwalowetsamo mlendo wina.
Tione ngati makinawa anadzibisira kope penapake,
amatero nthawi zina, osauza munthu.

Ndinakhala pampando wopanda chotsamira.
Iye ankadya bulosi? ayi, kabanzi kouma,
nyenyeswa zikugwera pakiyibodi yanga,
ine duu, kuopa kumusokoneza.
Mayina achilendo ankayenda pasikirini,
manambala, tizizindikiro, zinyalala za miyezi.
Sitima ziwiri zinadutsa, mashelefu ananjenjemera.

Kenaka anatembenuza laputopu.
Iyi ndi ya Lachiwiri, pakati pa usiku.
Yatsopano kuposa apa palibe, mayi Bogumiła.

Masiku atatu anapita basi.
Mutu wa maliro, umene ndinaulemba ndi maso otupa,
bokosi, bandi ya anzawo akuntchito,
dothi louma ndi chisanu lokana fosholo,
zonsezo kulibe.
M'fayiloyi bambo akadali m'chipatala,
akukalipira tiyi wozizira,
akufunsa ngati ndathirira maluwa a amayi.
Sanamwalire. Lachiwiri anali asanamwalire.

Ndinatsitsa masamba, manja akunjenjemera,
ndipo patsamba la makumi asanu ndi awiri
ndinakumana ndi ndime imene ndinaichotsa dala Lachitatu:
usiku uja anamenyetsa wailesi pakhoma,
amayi n'kutola zidutswa mumdima, mawondo pansi,
kuti ife tikadzuka tione ngati kunalibe kanthu.
Ndinaichotsa poopa mchimwene wanga Wiesław,
amene amati za akufa timanena zokoma zokha.
Koma nayi, yabwerera yokha,
yakhala pamalo pake ngati sinathamangitsidwe.

Remigiusz analandira mazloti makumi asanu ndi atatu.
Makope atatu, anatero, malo atatu,
ndipo chilichonse chizikhala ndi dzina lakelake.
Anasasa nyenyeswa zija ndi mkono wa juzi.

Panyumba paipi ikudonthabe mubeseni.
Kalata ya eni nyumba ndaitcha Paipi.
Maliro ndiwalembanso, mwina Loweruka,
sindikudziwa ngati mawu aja adzandipeza.
Lero ayi. Lero ndawasiya bambo pabedi lawo
akangane ndi namwino za tiyi.

Ndime ija ndaiwerenga katatu.
Chala chinaima pamwamba pa batani,
nthawi ino chikudikira kuti ndimve funso.
Ketulo inalira, ndinaisiya ilire.
Kenaka ndinakonza chilembo chimodzi m'mawu oti mawondo,
ndi kusunga.